Chaka Chimene Apongozi Anasamukira M'nyumba Mwanga

Ndinakwatiwa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ananditenga chitengwa kupita kwawo kwa amuna anga, mudzi wina wa kufupi ndi Simlemba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8 pa pulayimale ya kwathu. Zimenezo zinakwanira kuti pakhomo pa apongozi chilichonse cholembedwa chizibwera kwa ine, kaya kalata, kaya malemba a pa botolo la mankhwala a ku nazale. Patatha miyezi isanu amuna anga anapita ku Joni kukafuna ntchito, n'kundisiya ndi mimba yongoyamba kumene, m'nyumba yoyang'anana ndi ya makolo awo.

Apongozi aakazi ndinkawaitana kuti amayi, iwo ankanditchula kuti a mtengwa. Anali mlangizi wa atsikana kumpingo ndi m'mudzi momwe, munthu wa mawu ochepa koma olasa. Ndinkawaopa, ndipo ndinkafunitsitsa kuti andikonde. Apongozi aamuna sitinkayankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kugwada, iwo n'kuvula chipewa akuyang'ana kumbali.

Chaka chimenecho kuponi ya feteleza inatuluka m'dzina la amayi, choncho anayenera kukaima okha pamzere. Munali mu Novembala, mvula isanagwe. Tinafika kudepoti dzuwa likungotuluka koma tinapeza mzere utazungulira kale kuseri kwa masitolo. Ndinali nditanyamula chigubu cha madzi, ndipo kangapo konse ndinawapatsa kuti amwe.

"Imwani ndinu, muli awiri," ankatero.

Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti kuyambira dzulo lake sanamwe kanthu, kuopa mkodzo. Komabe ankachoka pamzere pafupipafupi kupita kutchire, n'kubwera atakwinya nkhope. Bambo wina wa kumbuyo kwathu anatopa nazo.

"Kodi amayiwa kutchireko kuli depoti ina? Atiuze tipitire limodzi!"

Dzuwa lili paliwombo mzere unayamba kuyenda, anthu n'kuyamba kukankhana. Fumbi linawatsokomoletsa amayi, ndipo mwadzidzidzi anandigwira dzanja mwamphamvu. Nditayang'ana pansi ndinaona chitenje chawo chitanyowa kumbuyo mpaka m'miyendo. Sindinaganize kawiri. Ndinatsegula chigubu chija n'kuchitaya dala pa iwo, ngati wandigunda munthu.

"Pepani amayi, ndakunyowetsani!"

Anthu anaseka. Mayi wina anati mtengwa wotere adzamaliza mbale zonse pakhomo. Ine ndinamasula chitenje changa chapamwamba n'kuwamanga, ndipo feteleza tinagula.

Pobwerera matumba anatsogola pangolo ya mnzathu wa m'mudzi, ife tikuyenda pambuyo. Titadutsa dambo, pamene panalibe wina wotimva, amayi anayamba kuyankhula osandiyang'ana. Anati akamakodza pamawotcha ngati wathira tsabola, ndipo akangomaliza amamvanso ngati sanakodze. Anati kumaliseche kumayabwa ndi kuuma, ndipo kukhala malo amodzi ndi abambo kwasanduka chilango. Ine makutu ankangotentha. Nkhani zotere mpongozi sauza mtengwa.

"Bambo anuwo anapita ku okushoni kukagulitsa fodya mu Juni," anatero. "Anagonako masiku atatu. Akuti mabelo anachedwa kulowa. Mabelo!"

Tsiku lotsatira anandituma kukasema khungwa la mtengo wina wa kudambo. Ndinkaudziwa, chifukwa nanenso alangizi a kwathu anandiphunzitsa pa ukwati wanga kuti mkazi waukhondo amatsuka mkati m'mawa ndi madzulo, ndipo amaikamo ufa wa khungwalo kuti muzikhala mouma. Ndinaliyanika, ndinalisinja, ndinasefa kawiri kuti amayi aone kuti mwana wawo anakwatira munthu wosamala. Ufa ukatha ndinkapanga wina asanandiuze.

Sizinathandize, ndipo mu Disembala anavomera kupita kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Tili panjira anandiuza kuti ndikayankhule ndine. M'chipinda tinapeza dokotala wachinyamata, wamng'ono kuposa amuna anga, ndipo chitseko sichinkatsekeka bwino moti anthu a pabenchi ankamva zonse. Ndinanena motsitsa mawu kuti amayiwa akumva kuwotcha pokodza ndi kuyabwa kumusi.

"Ali pabanja?"

"Eya."

"Abambo amayendayenda?"

"Amapita ku okushoni," anayankha amayi okha.

Mnyamatayo anapempha kuti agone pabedi awaone. Amayi anagwira mfundo ya chitenje ndi manja awiri.

"Mwana ameneyu? Bola ndife."

Sanawakakamize. Anawabaya jakisoni, anawapatsa mapilitsi ndi kakalata kakang'ono. Zoti amayi anasiya kusamba zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo sindinanene. Za ufa uja sindinanenenso. Sanandifunse, ndipo ine ndinkaona ngati kuyankha zimene wafunsidwa zokha ndiwo ulemu.

Titatuluka tinakhala pamthunzi ndipo ndinawawerengera kakalatako. Kankapempha amene amagona nawo kuti abwere adzalandire mankhwala a matenda opatsirana pogonana. Amayi anakalandira, anakapinda, anakamanga pa nsonga ya chitenje. Tinafika pakhomo abambo akuchokera kumunda. Amayi anaika kakalatako pampando wa abambo, analowa m'nyumba, anatuluka ndi mkeka, bulangeti ndi beseni, n'kuwoloka bwalo kulowa kwanga.

"A mtengwa, mundisunga mpaka alongo anga abwere."

Abambo anapita nako kakalatako kuchipatala m'mawa mwake. Jakisoni anabayitsa, magazi anayezetsa, ndipo anabwera ndi pepala losonyeza kuti alibe kachilombo. Amayi anati pepalalo likunena za magazi, silikunena za ku okushoni. Madzulo ake abambo anaima pa khola la mbuzi akukonza chitseko chimene sichinawonongeke, n'kumayankhula ndi mbuzizo mokweza.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu. Ana asanu ndi mmodzi. Lero ndine wachiwerewere chifukwa ndinagona pa belo langa kuti asandibere."

Amayi anatumiza mawu ku Kapelula, kwawo, kwa alongo awo amene anali nkhoswe ya banjalo. Yankho linabwera loti adzafika Loweruka la pambuyo pa Pasaka, fodya akalowa m'chigafa, ndipo ngati nkhani ili momwemo adzawatenga. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadziwa tsiku limene banja la apongozi anga lidzathere, ndipo ndinkadziwanso kuti kakalata kaja ndinawerenga ndine.

Fodya sadikira anthu okangana. Tinaokera, tinathira feteleza, tinapalira, ndipo mu Febuluwale tinayamba kuthyola ndi kusoka, atatu tonse m'chigafa chimodzi. Amayi akafuna kanthu ankati, "A mtengwa, auzeni eni fodyayu kuti zingwe zatha." Abambo ankati, "A mtengwa, auzeni alendo anuwo kuti zingwe zili pamene zimakhala." Ine ndinkangotembenuza mutu uku ndi uku osanena kanthu, popeza onse anali atamva kale.

Mapilitsi aja anatha, kuwotcha kunaleka sabata imodzi n'kubwereranso. Amayi anasiya kupita ku misonkhano ya amayi ya Lachinayi, kuopa kuti yunifomu yoyera ingawaulule. Anayamba kuvala zidutswa za chitenje chakale mkati, n'kumazichapa ndi kuziyanika m'nyumba mwanga, kuseri kwa chitseko. Madzi ankamwa kapu imodzi patsiku. Akaona kuti sakuchira ankati matenda a ku tauni ndi ouma mutu, ndipo ankawonjezera ufa uja, nthawi zina ndi madzi a mandimu.

Kumayambiriro kwa Malichi ndinapita ku sikelo, amayi atandiperekeza monga mwa mwambo wa mimba yoyamba. Chipatala chinali chomwe chija, koma mbali ya amayi oyembekezera. Kunali mzamba wachikulire, wa imvi, wa mawu aakulu. Atandiyeza mimba ndi kumvetsera mwana anandifunsa ngati pali china.

"Chilipo, koma si cha ine."

"Nena, mwana wanga, kunjaku kuli anzako makumi atatu."

Ndinanena zonse, kuyambira pa mzere wa feteleza. Sanandidule. Nditamaliza anafunsa mafunso awiri okha: anasiya liti kusamba, ndipo mkatimo amaikamo chiyani. Nditatchula khungwa lija, n'kuwonjezera kuti ndimasinja ndine, anagwira pakamwa.

"Iwe! Ali kuti?"

"Pabenchi, andisungira chikwama."

"Kawaitane."

Ndinawauza amayi kuti azamba akufuna kuwalangiza za mmene angandisamalire. Linali bodza langa loyamba kwa iwo. Analowa atakonza duku, okonzeka kulangizana ndi mnzawo. Azamba anatseka chitseko, n'kuchitchinga ndi mpando.

"Khalani apa, akulu anzanga. Mtengwa wanuyu ali bwino. Ndikufuna inu."

Amayi anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala. Azamba anati ndituluke, koma amayi anakana.

"Akhale. Waulula yekha, amvenso yekha."

Azamba anafunsa ngati anaonapo magazi chisiyireni kusamba, ngati anamvapo chotupa m'bere, ngati anadwalapo matenda aakulu. Amayi anakana zonse. Kenako anafunsa kuti vutolo linayamba liti.

"Mu Juni."

"Kuuma kunayamba mu Juni? Tiuzane zoona, tonse ndife akuluakulu."

Amayi anavomera kuti kuuma ndi kupweteka zinayamba pang'onopang'ono zaka ziwiri kapena zitatu m'mbuyomo, kungoti ankapirira. Abambo atachedwa ku okushoni ndi pamene mtima unayamba kuwauza zina, ndipo anayamba kutsuka mkati ndi sopo katatu patsiku ndi kuika ufa wochuluka. Kuwotcha kunabwera pambuyo pake.

Anawapatsa kabotolo kuti akaikemo mkodzo, ndipo atabwera anawalowetsa kuseri kwa katani. Ndinkangomva mawu a azamba akuti, "Pumani, sindikupwetekani, ndikungoona." Atatuluka azamba anasamba m'manja n'kukhala pafupi nawo, bondo ndi bondo.

"Mumalima fodya?"

"Ndinabadwira m'fodya."

"Tsamba likauma kwambiri m'chigafa, mukaligwira masana limatani?"

"Limathetheka."

"Ndiye mumatani?"

"Timadikira chinyezi cha m'mawa, kapena timawaza madzi pansi."

"Inu ndiye mwalitulutsa n'kuliyanikanso padzuwa."

Anafotokoza kuti mkazi akasiya kusamba, thupi limachepetsa zinthu zimene zinkafewetsa khungu la m'njira ya abambo ndi la m'njira ya mkodzo. Khungulo limapyapyala, limauma, limang'ambika msanga, ndipo tizilombo timalowa m'chikhodzodzo mosavuta. Sopo, mandimu ndi ufa zinkawonjezera zilonda. Kusamwa madzi kunkachititsa mkodzo kukhala wowawa ndi tizilombo kuchulukana. Anatisonyeza kapepala kamene anaviika mu mkodzo, katasintha mtundu.

"Ndiye si matenda a amuna?" anafunsa amayi.

"Ku okushoni ine kunalibe, sindingalumbirire munthu. Koma zimene ndaonazi zikanakupezani ngakhale mukanakhala sisitere."

"Nanga kakalata kaja?"

"Munalola kuti akuoneni?"

"Ayi."

"Munthu akakana kuonedwa, mnyamata uja amatsata zimene buku lake likunena, ndipo bukulo limayamba ndi matenda amenewo. Mukanabwera mbali ino."

Amayi anaweramitsa mutu. "Ine za khungwazo ndaphunzitsa atsikana a mudzi wonse."

"Inenso anandiphunzitsa. Ndinasiya. Kusambanso ndinasiya zaka zinayi zapitazo, ndipo mafuta amene ndikulembereniwa ndimapaka ndine ndemwe."

Mawu amenewo ndi amene anawafika amayi pamtima. Azamba anatuluka kukakambirana ndi dokotala, n'kubwera ndi mapilitsi ena a chikhodzodzo. Analamula kuti ufa, sopo ndi mandimu zisalowenso mkati, azisamba kunja kokha ndi madzi, ndipo azimwa madzi mpaka mkodzo uziyera. Anawaphunzitsa kufinya minofu ya kumusi ngati akuletsa mkodzo, kuwerenga mpaka zisanu, n'kumasula, kakhumi m'mawa, masana ndi madzulo, ngakhale ali pakati posoka fodya. Anawapatsa timapaketi ta mafuta oterera a nthawi yokhala ndi abambo, amayi n'kutibisa msanga ngati takuba. Pomaliza analemba dzina la mafuta ena a m'chubu, obwezeretsa khungu lija, amene pachipatalapo panalibe koma m'masitolo a mankhwala ku boma ankapezeka. Anatulutsa chubu chakale m'kabati n'kuwasonyeza kaikidwe kake: tsiku lililonse kwa masabata awiri, kenako kawiri pa sabata. Anati akadzaona magazi, ngakhale kadontho, adzabwere tsiku lomwelo. Ine anandiloza chala kuti ndi mimba yangayo mafutawo ndisawakhudze.

Titatuluka pageti ndinati ndaiwala kabuku kanga ka sikelo. Ndinabwerera n'kugwada pafupi ndi tebulo la azamba.

"Ndilembereni zimene mwanenazi papepala, m'Chichewa. Ndi pakamwa panga sindingathe."

Anandiyang'ana, anang'amba tsamba m'kope lawo n'kulemba mbali zonse ziwiri.

Ndinkayembekezera kuti amayi akondwa, koma sanakondwe. Titayandikira mudzi anaima.

"Alongo anga ndinawauza. Amayi awiri a kumpingo ndinawauza. Munthu uja ndinamunena pamaso pa mwana wa eni ake, inuyo. Ndibweze bwanji ndi pakamwa pomwepa? Bola ndingopita ku Kapelula ndikachirire komweko."

Ndinawasonyeza pepala lija. Ndinati ngati alola, ndikawawerengera abambo.

"Inu? Abambo anu?"

"Eya, amayi."

"Ine sindinakutumeni."

"Eya."

Anayenda mapazi angapo. "Komanso sindinakuletseni."

M'mawa mwake kunali chinyezi, ndipo abambo analawirira m'chigafa kukatsitsa fodya wouma akadali wofewa. Ndinalowera mbali ina. Masamba anali atalendewera mizeremizere kuchokera kudenga mpaka m'chiuno, moti nditagwada ndinkangoona mapazi awo ndi nsapato za matayala. Iwonso sankandiona nkhope. Pakanapanda fodya ameneyo sindikhulupirira kuti ndikanatsegula pakamwa.

"Odi, bambo."

Mapazi aja anaima. "Ee, a mtengwa. Kwagwanji?"

"Ndili ndi kalata ya azamba. Ndi ya amayi, koma ikukhudza inu."

"Inanso?"

"Iyi ndi ina."

Ndinawerenga pang'onopang'ono monga ankatiphunzitsira kusukulu, kupuma pa mpumiro uliwonse. Azamba sanazungulire, chiwalo chilichonse anachitchula dzina lake. Munali mawu amene ndinali ndisanawatchulepo pamaso pa mwamuna aliyense, ngakhale amuna anga. Ndinawatchula mmene analembedwera. Nditamaliza, mawu a abambo anamveka kuseri kwa masamba.

"Bwerezani pamene akuti si ine."

Ndinabwereza.

"Ndiye zaka zonsezi ankamva kupweteka osanena?"

"Anatero kwa azamba."

Anapuma mozama. "Dzina la mafutawo lili pati?"

Ndinadutsitsa kapepala ka dzinalo pansi pa masamba, dzanja lawo n'kukalandira. Fodya wa tsiku limenelo sanatsitsidwe. Anapopa njinga n'kupita kumsewu kukakwera galimoto ya ku boma, ndipo anabwera dzuwa litapendeka. Kabokosi ka mafutawo anakaika pa mtondo wa pakhomo panga, n'kuuza mtondowo kuti m'masitolo awiri munalibe, ndipo m'yachitatu mtsikana wogulitsa anawafunsa ngati mafutawo ndi awo.

Amayi anatenga kabokosiko. Ufa wotsala ndinakautaya kudzala ndekha. Chigubu cha madzi ndinkachiika pambali pawo posankha fodya, ndipo ndikaona milomo yawo ikuyenda osatulutsa mawu ndinkadziwa kuti akuwerenga mpaka zisanu. Kuwotcha pokodza kunatha m'masiku anayi. Zina zinachedwa. Sabata yoyamba anati mafutawo ndi achabe, yachiwiri anasiya kudandaula, yachitatu ndinawaona akukhala pampando wa njinga popanda kukwinya nkhope. Mkodzo unkadonthabe akatsokomola, koma pang'ono.

Komabe mkeka wawo unali kwanga. Abambo sanawaitane, iwonso sanapite. Mawu oletsa alongo awo sanatumize. Ndinawafunsa kamodzi, anati ndisamale za mimba yanga.

Loweruka la pambuyo pa Pasaka amalume, alongo a amayi aja, anafikadi, atavala jekete, ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu chonyamuliramo katundu wa mlongo wawo. Anakhala pakhonde la abambo pamodzi ndi mng'ono wa abambo, amene anali nkhoswe ya mbali ino. Ndinabweretsa madzi akumwa n'kuyamba kubwerera chokwawa.

"Khalani pomwepo, a mtengwa," anatero amayi.

Amalume anakonza pakhosi. "Alamu, ine sindinabwere kudzakangana. Koma munthu wa imvi ngati inu, mkulu wa mpingo, kubweretsa m'nyumba..."

"Achimwene, imani kaye."

"Ndimalize, chemwali."

"Musamalize, mungadzachite manyazi ngati ine." Amayi anakhala chowongoka, manja pa mawondo. "Matenda aja ndi a kukula kwanga. Mkazi akasiya kusamba zimachitika, ndipo ndinawawonjezera ndekha ndi mankhwala athu. Azamba anandiona ndi maso. Bambo awa ndinawanamizira."

Amalume anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana chikwama chawo.

"Ndiye ine ndakwera magalimoto atatu kudzamva kuti mwakalamba? Zimenezo ndikanakuuzani ndili kwathu!"

Mng'ono wa abambo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti basi nkhani yatha, tiphe nkhuku. Koma abambo sanaseke. Ankazunguza chipewa m'manja.

"Sinathe. Pakhonde pano tilipo asanu, ndipo asanufe tamva. Koma kutchalitchi ndikaimirira kuti ndipemphere, pali amayi amene amagwirana zigongono. Mawu ananenedwa kumeneko, akabwezedwe komweko. Zikatero ndiye chitseko changa n'chotsegula."

Amalume anati zimenezo n'zolemetsa kwa mlangizi, mwina akhoza kungotuma munthu. Amayi anapukusa mutu.

"Ndinanena ndekha."

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi amayi anaitana anzawo awiri aja kuseri kwa nyumba ya abusa, ine nditaima nawo. Ananena zonse monga ananenera pakhonde, osachotsa ngakhale za khungwa. Mmodzi anangoti zikomo potiuza. Winayo, wamkulu kuposa amayi, anafunsa kuti azambawo amapezeka masiku ati. Amayi anawauzanso kuti akauze aliyense amene iwo anamuuza, popeza ankadziwa kuti nkhani ya anthu awiri siikhala ya awiri. Abambo anali patali pansi pa mtengo ndi akuluakulu anzawo, koma anaona.

Amalume ananyamuka Lolemba m'mawa, m'chikwama chija muli mtedza ndi mbatata. Titawaperekeza mpaka kumsewu, amayi analowa m'nyumba mwanga, anapinda mkeka, anaika bulangeti ndi kabokosi ka mafuta m'beseni n'kusenza. Ndinafuna kuwalandira koma anakana, anati mimba yafika kale pakhosi. Pakhomo anatembenuka n'kuyang'ana mapazi anga otupa.

"Nsalu za mwana mwachapa?"

"Ndachapa, amayi."

"Ikangoyamba kupweteka musadikire kuti kuche kapena kuti muone bwino. Mudzagogode kwathu."